Funsani Ankolo: Kompyuta ikumazima ndili pakati pa gemu

Ankolo, ine ndimakhala ku Chibavi konkuno ku Mzuzu. Mu Meyi ndinagula desktop yakale ija yochokera m'maofesi, mnzanga anandiikiramo graphics card (khadi yopanga zithunzi za gemu) kuti tizimenya FIFA ndi GTA V. Nyengo yozizira yonse inali bho, timatha kuswera pamenepo ndi anyamata mpaka usiku osavuta. Koma chilowereni Okutobala yayamba misala, likangokwana ola limodzi fani imalira ngati chigayo, gemu nkuyamba kudukizadukiza kenako yazima yokha, ndipo mukaigwira pamwamba mutha kuwotchapo chimanga. Imakhala pansi pakona kuseri kwa bedi, ndimaifunditsa chitenje kuopa fumbi. Wina akuti ndigule mafani atatu, wina akuti ndiziika botolo la madzi oundana pambali, winanso akuti ndipake Colgate pa processor. Ndimvere ndani? Dola ndilibe yambiri.

Mnyamata wa ku Chibavi

Mphwanga, atatu onsewo uyambe wawasiya kaye, makamaka wa Colgate uja umuuze azingotsukira mano basi. Ndipo chitenjecho uchotse pompano usanamalize nkuwerenga komwe, munthu sungamufunditse bulangete mu Okutobala nkumuuza athamange.

Kuzimako sikuti yafa ayi, ikudziteteza. Mkati mwa processor, ubongo wa kompyutayo, muli kachipangizo koyeza kutentha, ikayandikira malire ake (za Intel zambiri ndi cha m'ma digiri 100, za Ryzen 90 kapena 95) imayamba yadzichepetsera liwiro yokha, ndi nthawi imene iwe ukuona osewera akuyenda ngati aledzera ija, zikakanika ndiye imangothimitsa zonse kuti isapse.

Nanga bwanji mu Juni sinkavuta? Fani sipanga kuzizira ngati firiji, imangotenga mpweya wa m'chipinda mwakomo nkuudutsitsa pa zitsulo zotentha. Usiku wa Juni kuno ukudziwa wekha, kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10, timagona ndi majuzi. Pano masana kukuyandikira 30, ndiye ngati nyumba ili yamalata yopanda siling'i m'katimo ndi uvuni weniweni. Chipinda chikakwera ndi madigiri 10, processor nayo imakwera pafupifupi chimodzimodzi. Vuto linalipo kale kungoti Mzuzu amakubisira.

Usanawononge ndalama, yeza. Tsitsa HWMonitor kapena HWiNFO, timapulogalamu toonetsa kutentha kwa m'kati mwa kompyuta, nzaulere ndipo ndi tating'ono, bandulo siitha. Itsegule, sewera mphindi 20, ubwerere uone pamene alemba Max, pamenepo ndi pomwe kutentha kunafika pamwamba penipeni. Ikangokhala osachita kanthu processor iziwerenga madigiri 30 mpaka 50, pa gemu 60 mpaka 80 palibe chodandaula, koma ukaona 90 kupita m'mwamba ndiye wampeza wakuba. Graphics card nayo isamapitirire kwambiri ma 80 oyambirira. Ndikulimbikira zoyezazi chifukwa pali chinanso chimene chimazimitsa makina ngati akowa: power supply, kabokosi kogawira magetsi m'kati mwa kompyuta. Zam'maofesizi anazipangira Word ndi Excel, zambiri mphamvu yake siipitirira ma watts 300, ndiye mwaikamo graphics card yodya magetsi ambiri. Ikamazima manambala ali pa 70 chabe, kutentha kwa processor si mlandu, ukayang'ane kumeneko.

Koma ine kubetcha kwanga kuli pa fumbi. Makina ambiri amene ndatsegulapo oti akhala pansi pa simenti miyezi ingapo, ukachotsa fani ya pa processor umapeza pakati pa faniyo ndi timizere ta chitsulo choziziritsa processor pali chinthu chotuwa chogwirana ngati kabulangete, umachita kuchisenda ndi zala chonse nkutuluka chathunthu. Muli ubweya wa zofunda, tsitsi, mwaye wa mbaula, nthawi zina ndi mphemvu zouma zomwe. Fani imazungulira ndithu mpaka kulira koma mpweya sukudutsa. Ndipo poti yako inagwirapo kale ntchito zaka kwinakwake, kaya inatsegulidwa liti komaliza.

Ndiye Loweruka m'mawa uchite izi. Zimitsa, zula chingwe kukhoma, dina batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, nyamula upite nayo pakhonde. Usanagwire chilichonse m'kati gwira kaye chitsulo cha bokosilo, thupi limasunga timagetsi tija timakuthetheka ukavula juzi, timeneto timapha zipangizo. Blower ukaipeza kwa okonza makompyuta m'tauni ndi bwino, ikasowa pampu ya njinga imagwira, a sakaramento (akabaza a njinga) ali pena paliponse ungobwereka. Dryer ya ku saluni ingakhale koma ikhale pa mpweya wozizira. Pakamwa ayi, malovu. Popemerera uzigwira fani ndi chala isazungulire, ikathamanga mopitirira muyezo imatha kuwonongeka. Zomatirira uchotse ndi kabulashi kopentera kapena mswachi wakale wouma. Usaiwale mafani a pa graphics card, amayang'ana pansi ndiye anthu sawaona. Power supply upemerere kunja kokha m'mabowo, usayerekeze kuimasula, m'menemo muli ma capacitor osunga magetsi ngakhale utazula, amenya munthu zenizeni.

Za kupaka zija, mnzakoyo anamva theka. Pakati pa processor ndi chitsulo chake pamakhaladi phala lotuwa lotchedwa thermal paste, ntchito yake kutseka timipata tosaoneka ndi maso kuti kutentha kuwoloke bwino. Pakapita zaka limauma nkukhala ngati dothi la m'chilimwe. Mankhwala otsukira mano ali ndi madzi, amauma msangamsanga ndipo ubwerera pomwe unali, mwinanso poipa. Gula yeniyeni, kachubu kamodzi kamakwana maulendo angapo mutha kusonkherana ndi anyamata akowo, si amasewera nawo? Uyatse makina pang'ono kaye kuti phala lakale lifewe, uzimitse, umasule chitsulocho mochipotokola pang'onopang'ono osati kuzula mwamphamvu. Pukuta mbali zonse ziwiri ndi kansalu konyowetsa ndi isopropyl, ikasowa spiriti pang'ono, udikire ziume. Kenako kadontho kamodzi pakati, kukula ngati njere ya nandolo, osati kupaka ngati majarini pa buledi. Zomangira uzimange mopingasa, ichi pang'ono, cha kutsidya pang'ono, mpaka zonse zigwire. Ngati manja akunjenjemera pita nayo kwa wodziwa, palibe manyazi.

Ikabwerera m'nyumba isabwererenso kukona kuja. Ikhale patebulo kapena pa kampando, kumbuyo kusiyeko mpata woposa chikhatho, chifukwa mpweya umalowa kutsogolo nkutulukira kumbuyo ndipo ukagunda khoma umangobwerera wotentha womwewo. Chitenje uzifunditsa ikazima ndi kuzizira basi. Botolo la madzi oundana iwala, waonapo mmene botolo la Fanta limachitira thukuta likatuluka mufiriji? Madzi amenewo pafupi ndi motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse, ndi maliro. Mafani atatu aja, m'timabokosi ta m'maofesi nthawi zambiri mulibe nkomwe pomangirira, ngati malo alipo imodzi yotulutsa mpweya kumbuyo ikukwana, ndipo uike tishu pafupi uone ngati ikukankhiradi kunja, ndaonapo anthu ataimangirira chozondoka.

China chaulere: mu gemu yatsa V-Sync, imene imafananiza liwiro la gemu ndi la sikirini, kapena utsekere pa 60 fps, kutanthauza zithunzi 60 pa sekondi. Sikirini yako mwina ndi ya 60Hz, yoonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi, ndiye khadi ikamapanga zithunzi 120 pa sekondi theka lake suliona, ikungotentha pachabe. Mithunzi ya mu gemu (shadows) itsitseko ifike pa medium, pa FIFA sudzazindikira nkomwe. Ukatero undilembere manambala a Max, akale ndi atsopano.

Ankolo, mwana wanga anachotsa chitseko cha m'mbali cha kompyuta nkulozetsamo fani yathu yapabalaza, akuti ndiye mankhwala ake. Ife tikufa ndi kutentha. Nzoona zimenezi?

Mayi wa ku Katoto

Mayi, zimathandizadi pang'ono, mwanayo sakunama. Koma zikusonyeza kuti m'katimo mpweya sukuyenda bwino, ndipo bokosi lotsegula limameza fumbi lonse la m'nyumba, kuwonjezera apo tiana tating'ono titha kupisamo zala kapena kutayiramo tiyi. Muwerengereni yankho lili pamwambali, aipukute Loweruka, atseke chitsekocho, fani ibwerere pabalaza.