Ngongole zitatu zandipanikiza, kodi ndigulitse munda?

Mayi ena a ku Luchenza, omwe amagulitsa nyemba ndi usipa pamsika, alemba kuti ngongole zawafika m'khosi. Anatenga K300,000 ya katapila, ndipo mwini ndalamayo amafuna K150,000 ya chiwongoladzanja mwezi uliwonse, yomwe apereka kale kwa miyezi inayi ngongoleyo osatsika. Kubanki m'khonde ali ndi ngongole ya K200,000, pamene amuna awo, omwe amagwira ntchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, amadulidwa kumalipiro ngongole ina ya kubungwe lobwereketsa ndalama, ndipo khadi lawo la ATM likusungidwa ndi wakatapila uja. Achibale ena akuti agulitse munda, ena akuti apite kukhoti akalengeze kuti alephereratu kubweza ngongole.

Mayi, ndiyambe ndi za kukhotizo chifukwa ndi zachidule. Lamulo la Insolvency Act la 2016 limaloladi munthu kutero, koma njirayi imadutsa kubwalo lalikulu, imafuna ndalama zoyendetsera mlandu, ndipo katundu wanu amaikidwa m'manja mwa munthu wina kuti agulitsidwe n'kulipira omwe muli nawo ngongole. Pa ndalama zomwe mwatchulazi, njira imeneyi ingakupwetekeni kuposa ngongoleyo.

Ngongole zanu zitatuzi sizofanana, choncho musazigawire ndalama mofanana. Yomwe ikukumalizani ndi ya katapila. Tawerengerani nokha: K150,000 kanayi ndi K600,000, kutanthauza kuti mwabweza kale kuwirikiza kawiri ndalama yomwe munatenga, komabe munthuyo akukuwerengerani K300,000 yonse ngati kuti simunapereke kanthu. Mukapitiriza chonchi mpaka miyezi ikwane khumi ndi iwiri mudzakhala mutapereka K1,800,000, ngongole ili chikhalire. Palibe geni ya usipa yomwe ingapindule mpaka kukwanitsa zimenezi, makamaka masiku ano pamene mpamba wa amalonda ang'onoang'ono unafooka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Chofunika ndi chakuti chiwongoladzanjacho chiime, ngongoleyo isanduke ndalama imodzi yodziwika yomwe ili ndi tsiku lothera. Musapite nokha kwa munthuyo, ndiponso musakambirane pamsika anthu akuonerera. Pemphani a nyakwawa kapena mkulu wa mpingo amene nonse mumamulemekeza kuti akuitanitseni, ndipo mutenge umboni wa zonse zomwe munapereka, kaya ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, kaya ndi kope lomwe mumalembamo. Pamenepo nenani mwaulemu kuti simukukana ngongole, koma simungathenso kupereka monga kale, ndipo tchulani ndalama yomwe mungakwanitsedi pamwezi. Zomwe mwagwirizana zilembedwe papepala, lisainidwe ndi inu, iwo ndi mboni ziwiri, aliyense asunge lake.

Mwina mukuopa kuti akana. Dziwani kuti simuli opanda mphamvu monga mukuganizira. Kuchita bizinesi yobwereketsa ndalama kumafuna chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi, chomwe akatapila ambiri alibe, ndipo lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso mgwirizano wa ngongole ngati chiwongoladzanja chapyola muyezo. N'chifukwa chake ambiri mwa iwo amakonda kuopseza pakhomo kusiyana ndi kukasuma. Sindikunena izi kuti mukawanyoze kapena kuwathawa, popeza ndalama yawo munaidyadi, koma kuti mukakambirane mutu uli m'mwamba. Akayamba kulanda katundu kapena kusasula malata popanda chigamulo cha khoti, kanenani kupolisi, ndipo thandizo la zamalamulo kwa anthu osowa ndalama limapezeka ku Legal Aid Bureau, yomwe ili ndi ofesi ku Blantyre. Khadi la ATM libwezedwe pa tsiku la zokambiranalo; likapanda kubwezedwa, bambo ali ndi ufulu wopita kubanki kukalitseketsa n'kutenga lina.

Ngongole ya kubanki m'khonde ndi ina, chifukwa ndalamazo ndi za anzanu omwe mumakumana nawo pamaliro ndi pachitsime, ndipo iwonso akuyembekezera tsiku logawana. Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kuyamba kujomba kumisonkhano, zomwe zimangowonjezera zindapusa ndi mkwiyo. Pitani, imirirani pamaso pa gulu, fotokozani momwe zinthu zilili. Pemphani kuti masheya anu awerengeredwe kungongoleyo ndipo yotsalayo muzibweza pang'onopang'ono popanda chiwongoladzanja chatsopano. Kudzakhala kowawa kubwera chimanjamanja tsiku logawana anzanu akugula feteleza, koma dzina lanu lidzatsala labwino m'gulumo.

Kubungwe lomwe limadula kumalipiro, bambo akalembe kalata yopempha kuti nthawi yobweza italikitsidwe kuti ndalama ya pamwezi ichepe. Izi zimakweza chiwongoladzanja chonse pamodzi, choncho afunse kuti awalembere ndalama yonse yomwe adzakhale atalipira pomaliza. Kungokhala chete n'koopsa, chifukwa mabungwe ovomerezeka amatumiza mbiri ya obwereka ku Credit Reference Bureau, komwe kumasungidwa mbiri ya momwe anthu amabwezera ngongole, ndipo mbiri yoipa imatseka mwayi wa ngongole zabwino m'tsogolo. Polonjeza aliyense, kumbukirani kuti tiyi amachuluka m'miyezi yamvula, kuyambira cha mu Disembala mpaka Epulo, ndipo nyengo yachilimwe ntchito ndi ndalama zimachepa m'maesiteti. Lonjezani molingana ndi mwezi wovuta, osati wa zokolola.

Ena adzakuuzani kuti mutenge ngongole imodzi yaikulu yotsekera zonsezi. Zimathandiza pokhapokha ngati ikuchokera kumalo a chiwongoladzanja chotsika, monga ku SACCO, bungwe lomwe mamembala amasunga ndi kubwerekana ndalama, komwe bambo angakhale membala, ndipo ndalamayo ipite kwa wakatapila tsiku lomwelo isanagone m'nyumba. Kutenga ngongole yapafoni kapena kulowa banki m'khonde yachiwiri kuti mulipire yoyamba ndi kukumba dzenje pofuna kukwirira lina.

Munda musagulitse. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje malo ndi ochepa, anthu ndi ochuluka, gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi, ndipo amene wagulitsa munda mwachangu amapatsidwa mtengo wozizira n'kuyamba kugula chimanga chaka chonse. Komanso malo ambiri ndi a mbumba, moti kugulitsa kungabutse mlandu ndi abale. Mpamba wa geni nawonso musaukhudze, popeza ndiwo ukubereka ndalama zobwezera. Ngati pali choti chigulitsidwe, chikhale mbuzi, wailesi yakanema kapena nandolo wosungidwa, ndipo mugulitse nokha pamtengo wa pamsika pepala la mgwirizano lija litasainidwa kale, kuti ndalamayo ikachotsedwe pa K300,000 yeniyeniyo osati kumezedwa ndi chiwongoladzanja cha mwezi wina.