Njoka za m'mimba zabweranso: mankhwala alephera kapena mwana watenganso?

Mayi wina wa ku Nkhotakota watilembera imelo. Akuti mwana wawo anamwa piritsi la njoka za m'mimba kusukulu, koma patatha miyezi inayi kuchipatala apezanso mazira m'chimbudzi chake. Akufunsa ngati mankhwalawo anasukuluka, komanso kuti mankhwala atsopano amawayesa bwanji.

Mayi, miyezi inayi yatalika kuti tiimbe mlandu piritsilo. Mwana akameza dzira la njoka yaikulu ija, Ascaris, pamapita miyezi iwiri kapena itatu yokha kuti njokayo ikhwime n'kuyamba kuikira mazira ake. Njoka ina yoyamwa magazi m'matumbo, hookworm, imalowera pakhungu la kuphazi, choncho mwana wongoyenda opanda nsapato m'dimba kapena kuseri kwa chimbudzi amaitenganso mosavuta. N'chifukwa chake ofufuza amayeza chimbudzi mwana asanamwe mankhwala, kenako pakati pa tsiku la 14 ndi la 21 atamwa. Mazira opezeka nthawi imeneyo ndi a njoka zomwe zapulumuka, osati zatsopano.

Kayezedwe kofala ndi ka Kato-Katz. Chimbudzi amachisefa pa kaukonde, n'kudzaza kabowo ka pulasitiki kolowa mamiligalamu 41.7, n'kuthira pagalasi. Pamwamba amaphimba ndi kapepala koonekera konyowetsedwa m'mankhwala amadzi otchedwa glycerol, amakanikiza mpaka zitapyapyala, n'kuwerenga mazira pa maikulosikopu. Chiwerengerocho amachulukitsa ndi 24 kuti apeze mazira a mu galamu imodzi. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: mazira a hookworm amazimiririka pagalasipo pasanathe ola limodzi. Woyeza akachedwa, mwina magetsi azima kapena zitsanzo zachedwa panjinga kuchokera kumudzi, amalemba kuti mwana wachira pamene njoka zilipo, ndipo mankhwala ofooka amaoneka ngati amphamvu. Galasi limodzi silikwananso, chifukwa njoka siziikira mofanana tsiku lililonse. Kafukufuku wabwino amatenga chimbudzi cha masiku awiri, magalasi awiri pa chilichonse.

Albendazole, piritsi lofala la njoka za m'mimba, wa mamiligalamu 400 amapha Ascaris bwino kwambiri, pa hookworm amayesetsa, koma pa njoka ina ya m'matumbo yotchedwa Trichuris kumwa kamodzi kumachiza ana ochepa chabe. Ndiko kufunika kwa mankhwala atsopano. Asanafike pa munthu amawayesa pa njoka za m'labotale ndi pa mbewa zopatsidwa njoka dala, kenako pa akuluakulu ochepa athanzi kuti aone ngati sakuvulaza. Akafika pa odwala, amawagawa m'magulu mwamaere: ena alandira atsopanowo, ena albendazole, ndipo wowerenga mazira sauzidwa kuti galasi ili ndi la gulu liti. Chitsanzo ndi emodepside, yemwe poyamba anali wa amphaka ndi agalu. Anamuyesa pa chilumba cha Pemba ku Tanzania, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2023 zinaonetsa kuti pa Trichuris amaposa albendazole kutali, ngakhale ena anadandaula za mutu, chizungulire ndi kuona mwachimbuuzi kwa kanthawi. Kuno kwathu kafukufuku wotere sangayambe popanda chilolezo cha PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala, ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, ndipo kholo liyenera kuvomera lokha.

Pa mwana wanuyo, Mayi, funsani kuchipatala kuti mazirawo ndi a njoka yanji. Akamwanso mankhwala, bwererani naye pakatha milungu iwiri kapena itatu akamuyezenso. Ngati amasamba kunyanja, apempheni ayang'anenso likodzo, chifukwa ilo limafuna praziquantel, osati albendazole.