Yankho kwa amalume: bambo wandevu wa pa madola 50

Amalume, mwaswera bwanji? Ndachiona chithunzi cha ndalama ya madola 50 chomwe mwaponya m'gulumu, ndi funso lanu lija lakuti bambo wandevuyo ndi ndani, komanso ngati anali mwana wa anthu olemera. Kulemba kungatalike, ndiye ndingoyankhula, mumvetsera mukapeza mpata.

Ameneyo ndi Ulysses Grant, pulezidenti wa nambala 18 wa dziko la America. Zolemerazo ayi ndithu. Anabadwa mu 1822 ku Ohio, bambo ake a Jesse Grant anali ofufuta zikopa. Njala pakhomo panalibe, koma mnyamatayo ntchito ya zikopa ankanyansidwa nayo, fungo lake ndi magazi aja. Mtima wake unali pa mahatchi. Bambo akewo ndi amene anamukankhira ku sukulu ya usilikali ya West Point mu 1839, poti kumeneko kunalibe fizi. Anamaliza mu 1843 ali nambala 21 pa anthu 39. Wapakatikati chabe. Chomwe anzake ankamugomera nacho n'kukwera hatchi basi.

Kenaka kunabwera nkhondo ya America ndi Mexico, 1846 mpaka 1848. Kumeneko anamupatsa ntchito yoyang'anira katundu: ufa, nyulu, ngolo, matenti. Iye ankaiona ngati yonyozeka, ankafuna kukhala kutsogolo kolira mfuti. Koma ine ndimati mpamene anaphunzira kudyetsa ndi kusamutsa chikhamu cha anthu, zomwe zinadzamuthandiza pambuyo pake. Atakalamba ananena poyera kuti nkhondo imene ija inali yopondereza dziko lofooka.

Mu 1848 anakwatira Julia Dent. Tsono mavuto anayamba mu 1852, atamutumiza kutali kumadzulo, kugombe la nyanja ya Pacific, mkazi n'kumusiya ali woyembekezera. Malipiro osakwana kuitanitsa banja. Anayesa kulima mbatata ya kachewere kuti apeze yapadera, mtsinje wa Columbia unasefukira n'kuononga munda. Atamusamutsira ku Fort Humboldt ku California, kusungulumwa kunamukulira, akuti n'kuyamba kukometsa mowa. Mu 1854 anatula pansi usilikali ali kaputeni. Mbiri ya mowayo inamumatirira mpaka kale, adani ake ankangoidzutsa akafuna kumugwetsa.

Apa mpamene ndikufuna mumvetsetse, amalume. Munthu wa zaka 32, wophunzira, wabwerera chimanjamanja kukakhala pamalo a apongozi ake pafupi ndi mzinda wa St. Louis ku Missouri. Nyumba anamanga ya mitengo, yogwetsa yekha. Ulimi sunamuyanje, malungo nawo osamusiya. Ndiye ankatema nkhuni, kupakira m'ngolo, kukagulitsa m'misewu ya St. Louis atavala chijasi chake chakale cha usilikali, ngati anyamata aja amakankha njinga za nkhuni mbandakucha kupita m'tauni. Ena mwa omwe ankakumana naye anali anzake a ku usilikali, akadali pa ntchito, ali mbee. Mu Disembala 1857, chuma cha dziko chitasokonekera, anakapinyolitsa wotchi yake yagolide Khirisimasi itatsala pang'ono. Anayesanso ntchito yogulitsa malo ndi kutolera lendi pamodzi ndi msuweni wa mkazi wake. Inakanika. Munthu wake sankatha kuumiriza wangongole.

Koma tamverani izi. Apongozi ake aja anali ndi akapolo, ndipo Grant nayenso anadzakhala ndi kapolo mmodzi, dzina lake William Jones. Mu Malichi 1859, thumba lili gwa, ana anayi akudikira chakudya, anapita kukhoti n'kusaina chikalata chomumasula. Akanamugulitsa akanapeza madola 1,000 kapena kuposa, ndalama yoti ikanamuchotsa m'ngongole. Sanatero. Sindikuti anali mngelo ayi. Ankayang'anira minda ya apongozi yomwe ankalima akapolo, mkazi wakenso ankatumikiridwa ndi akapolo, ndipo iye sanali m'gulu la anthu olalikira zothetsa ukapolo. Koma pa mbiri yake yonse, ine chimene chimandigwira mtima n'chimenechi, kuposa nkhondo zonse anapambanazo.

Mu 1860 anagonja, n'kupita kukapempha ntchito kwa bambo ake. Anakakhala kalaliki m'sitolo yawo ya zikopa ku Galena, Illinois, akugwira pansi pa ang'ono ake. Zikopa zomwe ankazithawa zija.

Chaka chotsatira nkhondo yapachiweniweni inabuka, zigawo zakumwera zitadzipatula pofuna kuteteza ukapolo. Anthu odziwa usilikali anasowa, ndiye mu Juni 1861 a mbali ya boma anamupatsa gulu la asilikali a ku Illinois, osamva za munthu, iye n'kuwaongola. Kuchoka apo zinangoti phwii. Febuluwale 1862 analanda Fort Donelson, linga la asilikali akumwera. Pa nkhondo ya ku Shiloh, mu Epulo, adani anamudzidzimutsa, ofa, ovulala ndi osowa mbali zonse ziwiri anapitirira 23,000, anthu n'kumafuula kuti achotsedwe, koma pulezidenti wa nthawiyo, Abraham Lincoln, anakana. Pa 4 Julaye 1863 mzinda wa Vicksburg unagonja, mtsinje wa Mississippi n'kukhala m'manja mwa boma. Mu Malichi 1864 anakhala mkulu wa asilikali onse a boma. Chinsinsi chake sichinali chozizwitsa: akamenyedwa lero, mawa sabwerera m'mbuyo, ndipo katundu wa asilikali ake ankafika. Chipsera chiliponso, mu Disembala 1862 analamula kuti Ayuda achoke m'dera lomwe ankayang'anira, Lincoln n'kulifafaniza lamulolo msangamsanga.

Pa 9 Epulo 1865, Robert E. Lee, mkulu wa asilikali akumwera, anadzipereka kwa iye ku Appomattox. Grant sanawatsekere ogonjawo. Anawalola kupita kwawo, amene anali ndi mahatchi kapena nyulu zawo atenge akalimire, n'kuwagawiranso chakudya poti anali ndi njala.

Ndiye chisankho cha 1868 anapambana kudzera m'chipani cha Republican, n'kulumbiritsidwa pa 4 Malichi 1869 ali ndi zaka 46, asanakhalepo ngakhale phungu kapena khansala. Za ulamuliro wakewo, ndi katangale wa anthu omwe anawakhulupirira, imeneyo ndi nkhani ina, foni yatsala pang'ono kuzima. Mupereke moni kwa azakhali.