Funsani za kukhitchini: ndikachulukitsa fulawa, mandasi amasintha

FUNSO: Ndimagulitsa mandasi pa Kamwendo ku Mchinji. Ndikakanda makapu 4 a fulawa amatuluka ofewa, koma tsiku la msika ndikakanda makapu 20 amalimba, ena amawawasa ndiponso amamwa mafuta. Ndimalakwitsa pati?

YANKHO: Mayi, yambani mwakayikira kapu yanuyo. Kapu ya 250 ml mukathiramo fulawa wosefa ndi supuni n'kusalaza pamwamba ndi mpeni, imalowa magalamu pafupifupi 125. Kapu yomweyo mukaipisa m'thumba n'kutsendera, imatha kufika 160. Pa makapu 4 simungazindikire, koma pa makapu 20 ndiye kuti mwawonjezera magalamu 700 madzi ali omwe aja. Mtanda uuma, mandasi alimba.

Ngati mungakwanitse, gulani kasikelo, muziwerengera pa kilogalamu. Pa fulawa wa 1 kg, omwe ndi makapu 8 osatsendera, ikani shuga magalamu 150, yisiti magalamu 10, mchere masupuni a tiyi 2 osalaza, ndi madzi ofunda pafupifupi 600 ml. Makapu 20 ndi makilogalamu awiri ndi theka, choncho shuga akhale magalamu 375, madzi lita imodzi ndi theka. Madziwo musathire onse kamodzi. Siyani kapu imodzi pambali, muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka mtanda ufewe koma usamamatire m'manja, chifukwa fulawa samwa madzi mofanana thumba lililonse.

Kuwawasa kumabwera chifukwa mtanda waukulu umasunga kutentha, ndiye umafufuma msanga n'kupitirira, makamaka m'chilimwe cha Okutobala. Pamenepa yisiti ndiye musamuchulukitse ndendende: magalamu 20 akwana m'malo mwa 25. Gawaninso mtanda m'mabeseni awiri, ukangofufuma kawiri msinkhu wake, dulani.

Za mafuta, mukuthinitsa m'chiwaya ndipo mafuta akuzizira. Ponyani kachidutswa ka mtanda: kakayandama msanga kakuchita thovu, mafuta apsa. Kazingani ochepaochepa.

FUNSO: Chikondamoyo ndikachiwirikiza kawiri chimapserera kunja m'kati muli mwamuwisi. Ndine bambo wa ku Kasungu boma.

YANKHO: Bambo, mwawirikiza ufa koma poto ndi yemwe uja, ndiye chakhuthala, moto sukufika pakati. Gawani m'mapoto awiri, kuya kwake kukhale kwa masiku onse, makala apamwamba achuluke kuposa apansi. Soda muziyeza ndi supuni yosalaza, osati yotumphuka, chifukwa akachuluka chimanunkha sopo. Bayani kampeni pakati; kakatuluka kouma, phulani.