Funsani Dokotala: Zala zikugwedera, ndiye kuti fupa silinathyoke?

Funso: Adokotala, amayi anga a zaka 62 anaterereka pa mjigo masiku atatu apitawa n'kugwa atatsamira chikhatho. Pomwe timavala wotchi patupa ndipo pakhota. Anzawo akuti angobinya poti zala zikugwedera, ndiye tikungowathowa ndi madzi otentha. Tidikire kaye? *Wowerenga wa ku Dedza*

Yankho: Musadikire, apititseni kuchipatala cha boma mawa lomweli m'mawa. Zala zimagwedera ndithu ngakhale fupa litathyoka, chifukwa minofu yoyendetsa zala ili kumtunda, kufupi ndi chigongono.

Kuchokera pachigongono kufika padzanja pali mafupa awiri. La mbali ya chala chachikulu, lomwe timalitcha radius, ndilo limalandira thupi lonse munthu akagwa atatambasula dzanja, ndipo limakonda kuthyokera kumapeto kwenikweniko. Chidutswacho chimakankhikira kumbuyo, dzanja n'kupindika ngati foloko yodyera mukaliyang'ana cham'mbali. Dokotala wa ku Dublin, Abraham Colles, analongosola kuthyoka kumeneku mu 1814. Amayi amene anasiya kusamba ndiwo timawaona kawirikawiri, poti mafupa awo amayamba kufumbwa.

Kuchipatala akajambula ekisire, kutsogolo ndi cham'mbali. Ngati fupa lasuntha, amabaya mankhwala opha ululu, kulikoka n'kulibwezera m'malo, kenako chikhakha. Choyambacho nthawi zambiri chimakhala cha mbali imodzi kuti chotupa chipeze malo. Chikhakha chimakhala pafupifupi masabata 6, koma tsiku lobwerera kukajambulitsanso pakatha sabata imodzi kapena awiri musalijombe. Chotupa chikaphwa, fupa limatha kusunthanso mkatimo. Lophwanyikira mu mfundo limafuna opaleshoni yoika chitsulo, ndipo angakutumizeni ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe.

Ndikuti muchite changu chifukwa cha ichi: pakatha masabata awiri kapena atatu fupa limayamba kugwirana momwe lakhaliramo, chokhota chomwecho, ndipo kuliwongola ndi manja sikuthekanso.

Usiku uno avuleni mphete ndi zibangili. Lekani kuthowa ndi kutsula. Mangirirani dzanjalo pa katoni yopinda, osathinitsa, ndipo pogona alisanjike pa pilo.

Akawaika chikhakha azifumbata ndi kutambasula zala tsiku lililonse, phewa nalonso aziliyendetsa. Zala zikachita dzanzi, kuzizira, kuda, kapena ululu ukamakulirakulira, bwererani nawo nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.