Yankho la azakhali pa funso la diripi ndi kuwerengera madzi a wodwala

Moni nonse a m'banjamu. Akuluakulu mundikhululukire, chifukwa uthengawu utalikirapo. Ndikuyankha mwana wa achimwene, amene akuphunzira unamwino kuno ku Mzuzu. Mwana wanga, wafunsa kuti n'chifukwa chiyani dokotala amalamula kuti botolo limodzi la diripi liyende maola 8 kwa wodwala wina, pomwe kwa wodwala kolera botolo lomwelo amalitsegula kuti lithe msanga, ndiponso ngati fluid chart, pepala lolembapo madzi olowa ndi otuluka m'thupi la wodwala, imene amakuumirizani kulemba ili ndi ntchito yeniyeni kapena ndi ya mayeso chabe. Ndayankhira pagulu mwadala, chifukwa ambiri a ife timakhala magadiyani m'bale akagonekedwa, ndipo mbali ina ya nkhaniyi ikukhudza gadiyani.

Madzi a diripi ndi mankhwala, ndipo ali ndi mlingo wake monga mankhwala ena onse. Kwathu kuno anthu ambiri amakhulupirira kuti diripi imapatsa mphamvu, moti wodwala akatulutsidwa osaikidwa botolo ngakhale limodzi, abale amadandaula kuti sanathandizidwe. Iwe usatengeke nazo zimenezo. Chimene munthu wameza chimadutsa m'mimba ndi m'matumbo, thupi n'kumachilandira pang'onopang'ono, koma chimene walowetsa mumtsempha chafika kale m'magazi ndipo sungachibwezenso.

Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 ali ndi madzi pafupifupi malita 36 m'thupi mwake. Mwa amenewa, malita 24 ali m'kati mwa maselo, malita 12 ali kunja kwa maselo, ndipo amene akuyenda m'mitsempha ya magazi ndi malita 3 okha kapena kupitirira pang'ono. Ukamvetsa kagawidwe kameneka, umvetsanso chifukwa chake mabotolo amasiyana ngakhale onse amaoneka ngati madzi oyera. Normal saline ili ndi mchere wokwana magalamu 9 pa lita, ndipo Ringer's lactate ili ndi mchere wocheperapo pang'ono, kuphatikizapo potaziyamu, kashiamu ndi lactate, moti imafanana kwambiri ndi madzi a m'magazi athu. Awiriwa amakhala kunja kwa maselo, ndipo pa lita imodzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 ndi limene limatsalira m'mitsempha. Dextrose 5% ndi yosiyana kotheratu. Ili ndi shuga wokwana magalamu 50 pa lita, ndipo thupi likangogwiritsa ntchito shugayo, chotsala ndi madzi opanda mchere amene amamwazikira m'thupi lonse mpaka m'maselo. N'chifukwa chake munthu amene wataya magazi kapena watsekula m'mimba mpaka kugunda kwa mtima kusamveka padzanja sitimudzutsa ndi dextrose 5%, ngakhale itakhala yokhayo imene ili pafupi. Ukawerenga dzina la botolo, uwerenge kawiri, uone tsiku limene litha mphamvu, ndipo ulikweze kuwala kuti uone ngati madzi ake ali oyera ndiponso ngati silikudontha.

Tsopano za kolera. Diripi inayambira pa matenda omwewa. M'chaka cha 1832, dokotala wa ku Leith ku Scotland dzina lake Thomas Latta anayamba kulowetsa madzi amchere m'mitsempha ya odwala kolera amene anali pafupi kufa, ndipo ena anatsitsimuka iye akuona. Ife tinazionanso ndi maso athu pa mliri umene unayamba m'mwezi wa March 2022 ku Machinga n'kufalikira mpaka ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Wodwala kolera amatha kutaya malita angapo m'maola ochepa, magazi n'kuchepa m'mitsempha, impso n'kusiya kugwira ntchito. Kwa woteroyo timatsata ndondomeko imene mwaphunzira kuti Plan C, ndipo mlingo wake ndi mamililita 100 a Ringer's lactate pa kilogalamu iliyonse. Amene wapitirira chaka chimodzi amalandira mamililita 30 pa kilogalamu m'mphindi 30 zoyamba, kenako 70 otsalawo m'maola awiri ndi theka. Mwana wa zaka ziwiri wolemera makilogalamu 10 ndiye kuti alandira mamililita 300 m'theka la ola, kenako 700. Khanda losakwana chaka timalipatsa mofatsirapo, gawo loyamba pa ola limodzi, lachiwiri pa maola 5. Nthawi yonseyi umabwerera pa bedi mphindi 15 mpaka 30 zilizonse kukamva kugunda kwa mtima, kuona maso ndi khungu, ndipo wodwala akangotha kumwa, uyambe kumupatsa Thanzi ORS diripi ikuyenda. Apa kuthamangitsa botolo ndiko kupulumutsa moyo, chifukwa ukubwezera madzi amene atulukadi.

Wodwala wa maola 8 uja nkhani yake ndi ina. Iyeyo mwina wachitidwa opaleshoni ndipo sakuloledwa kudya, kapena akusanza, koma sanataye madzi ochuluka. Akungofunika madzi amene akanamwa patsiku, amene kwa wamkulu ndi mamililita 25 mpaka 30 pa kilogalamu. Ukamupatsa lita yonse m'maola awiri, wapatsa mtima wake katundu amene sunapemphe. Mnyamata wathanzi angokodza kwambiri n'kupulumuka. Agogo a mtima wofooka, munthu wa impso zodwala, kapena mayi woyembekezera amene magazi ake akuthamanga kwambiri, madziwo amakathera m'mapapo. Amayamba kupuma mofulumira, amakana kugona chagada, amakhosomola, zikope ndi mapazi zimatupa, mitsempha ya m'khosi imadzaza, ndipo ukamvetsera pachifuwa umamva kuthetheka. Ukaona zimenezi, tseka diripi, mukhazike tsonga, muike pa oxygen, ndipo itana woyang'anira wodi kapena dokotala nthawi yomweyo. Kutseka diripi pa nthawi yotere n'kovomerezeka kwa namwino aliyense, ngakhale wophunzira, bola ukanene msanga.

Pa ana ndiye ndikupemphe kusamala koposa. M'chaka cha 2011 panatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa FEAST, amene anachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana oposa 3,000 otentha thupi kwambiri amene magazi awo sankayenda bwino. Anapeza kuti pakati pa ana amene anapatsidwa madzi ambiri mofulumira, omwalira anali ochuluka kuposa pakati pa amene anapatsidwa mlingo wamba. Ana a kafukufukuyu sanali otsekula m'mimba, choncho zotsatirazi sizikutsutsa Plan C, koma zinatiphunzitsa kuti mwana wa malungo aakulu kapena wochepa magazi sitimuthira madzi chifukwa chongooneka wofooka. Chimodzimodzi mwana wonyentchera kwambiri, makamaka wotupa. Mtima wake ndi wofooka, ndipo khungu ndi maso ake zimatha kukunyenga kuti watha madzi. Ameneyo timamumwetsa ReSoMal, mtundu wa ORS wopangidwira ana onyentchera, pang'onopang'ono, ndipo diripi imabwera pokhapokha ngati ali mu shock, kutanthauza kuti magazi sakufika mokwanira m'ziwalo za thupi, dokotala atalamula. Kwa mwana wongofunika madzi a tsiku ndi tsiku, mlingo ndi mamililita 100 pa kilogalamu kwa makilogalamu 10 oyamba, 50 kwa makilogalamu 10 otsatira, ndi 20 kwa otsalawo. Mwana wa makilogalamu 14 ndiye kuti ndi mamililita 1,200 patsiku, kapena 50 pa ola. Madziwo adutse mu burette, kabotolo koyezera kamene kamakhala pa chubu cha diripi, ndipo uthiremo a ola limodzi kapena awiri okha, kuti ngakhale china chitalakwika, mwana asalandire botolo lonse.

M'mawodi ambiri mulibe makina oyendetsa diripi okwanira bedi lililonse, choncho masamu a madontho uyenera kuwadziwa pamtima. Uyambe waona pa pepala la giving set, chubu chija chotengera madzi kuchoka m'botolo kupita kwa wodwala, kuti madontho angati amapanga mililita imodzi. Yodziwika kwambiri ndi ya madontho 20, ndipo ya ana ndi ya 60. Uchulukitse mamililita ndi nambala imeneyo, kenako ugawe ndi mphindi zonse. Mamililita 1,000 kuchulukitsa ndi 20 ndi 20,000, maola 8 ndi mphindi 480, ndipo yankho ndi madontho 42 pa mphindi, kapena 10 mpaka 11 pa masekondi 15. Pa giving set ya 60, madontho a pa mphindi amafanana ndi mamililita a pa ola, choncho mwana uja ndi madontho 50. Koma kuwerenga kamodzi sikokwanira, chifukwa wodwala akapinda mkono madontho amachepa, akautambasula amathamanga, ndipo botolo likakwezedwa kapena kutsitsidwa liwiro limasintha. Ine ndimamata pulasitala m'mbali mwa botolo n'kulemba pamene madzi ayenera kufika ola lililonse. Botolo likatsalira m'mbuyo, usalithamangitse kuti lipeze nthawi yotayikayo usanafunse.

Nthawi iliyonse ukafika pa bedi, uyang'anenso pamene pali kanyula, kachubu kolowa mumtsempha. Pakatupa, pakazizira ndi kuwala, madzi akulowa m'mnofu osati mumtsempha. Pakafiira, pakatentha ndi kupweteka motsatira mtsempha, mtsemphawo wayamba kudwala. Zonse ziwiri yankho lake ndi kuchotsa kanyulayo n'kuika ina pamalo ena, utasamba m'manja ndi kupukuta khungu bwinobwino, ndipo ulembe tsiku pa pulasitala. Mitundu ya kanyula uidziwe: yobiriwira ndi 18, ya pinki 20, ya buluu 22, yachikasu 24, ndipo nambala ikamakula kanyula imachepa. Mayi amene akutaya magazi atabereka amafunika zazikulu ziwiri, 16 kapena 18.

Ndafika pa fluid chart. Pepala limenelo ndi lokhalo limene lingauze dokotala wa m'mawa zimene impso zachita usiku wonse. Kumbali yolowa umalemba diripi, madzi osungunulira mankhwala, magazi, tiyi, phala ndi chilichonse chakumwa. Kumbali yotuluka umalemba mkodzo, masanzi, chimbudzi chamadzi ndi zotuluka m'machubu a pabala. Ukumbukirenso kuti munthu amataya pafupifupi theka la lita kapena kuposerapo patsiku kudzera m'mpweya ndi pakhungu, ndipo thupi likatentha zimawonjezeka. Wamkulu ayenera kukodza osachepera theka la mililita pa kilogalamu pa ola, ndiye kuti mamililita 30 pa ola kwa wa makilogalamu 60, ndipo mwana ndi mililita imodzi pa kilogalamu. Mkodzo ukachepa kuposa pamenepo kwa maola angapo otsatizana, ukanene, ngakhale wodwala akucheza bwino, chifukwa impso zimayamba kuonetsa vuto BP isanatsike. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuona tchati chodzazidwa ndi manambala ongoganizira pa nthawi yosinthana ntchito. Dokotala amachikhulupirira, n'kuwonjezera madzi kapena kupereka mankhwala okodzetsa potengera bodza. Ngati sunayeze, lemba kuti sunayeze.

Inu akuluakulu ndi alamu anga, mbali yanu ndi iyi. Mukakhala gadiyani, musakhudze kagudumu ka pa chubu pofuna kuti botolo lithe msanga, ndipo musataye mkodzo wa wodwala namwino asanauyeze. Ngati mwamumwetsa kapu ya thobwa kapena wasanza, muuzeni namwino kuti alembe. Botolo likatsala pang'ono kutha kapena mkono ukatupa, kaitaneni, musachite manyazi.

Chomaliza, mwana wanga, ndi potaziyamu. Potassium chloride salowetsedwa mwachindunji mumtsempha ndi jakisoni ngakhale pang'ono, chifukwa amaimitsa mtima pomwepo. Amathiridwa m'botolo pa mlingo umene dokotala walemba, anamwino awiri ataona, botolo n'kugwedezedwa bwino ndi kulembedwa, ndipo amayenda pang'onopang'ono kwa wodwala amene akukodza. Usanagone lero, undiwerengere izi n'kunditumizira: mamililita 500 pa maola 6 ndi giving set ya 20, komanso madzi a tsiku lonse a mwana wa makilogalamu 23.