Yambani ndi tcheni, injini ibwere pambuyo

Achimwene, mwati chainsaw yanu ya 60cc yokhala ndi bar (chitsulo chomwe tcheni imayendapo) ya mainchesi 24 ikudula mwaulesi, ndiye mukufuna kuboola ekizozi ndi kupala silinda monga amachitira pa YouTube, koma makinawo asafe msanga. Zimatheka, kungoti mwayambira kumchira.

Musanagwire sipanala, taonani zimene zikutuluka mukamadula. Tcheni yakuthwa imalavula tizibenthu tokhuthala ngati zopala za kalipentala, ndipo imalowa yokha mumtengo. Ngati ikutulutsa utuchi wosalala inu n'kumachita kukanikiza ndi thupi lonse, injini ilibe mlandu. Muiwonjezere mphamvu bwanji, tcheni yobuntha izingopsa.

Nolani dzino lililonse pa madigiri 30, ndi tupa yogwirizana ndi tcheniyo: ya 4.8mm pa tcheni ya .325, ya 5.2mm kapena 5.5mm pa ya 3/8, malinga ndi kampani yake. Mano onse afanane kutalika, apo ayi mdulidwe umakhota ndipo bar imapanika. Koma pamene ambiri amaphonya ndi pa kachitsulo kotsogolera dzino kaja, kotchedwa raker. Dzino linapangidwa mopendekera kumbuyo, ndiye mukamalinola limafupika komanso limatsika, pomwe raker ili pomwepo. Mapeto ake dzino ndi lakuthwa bwinobwino koma silikufika pamtengo. Raker izikhala pansi pa nsonga ya dzino ndi 0.65mm. Gwiritsani geji ndi tupa yafulati, osati kuyeza ndi maso. Ndipo musatengeke n'kuipala mopitirira. Tcheni imayamba kuluma mwaukali, makina amanjenjemera, kilatchi ndi mabeling'i zimatha msanga, ndipo bar imatha kudumphira kumaso kwanu.

Mtundu wa tcheni nawonso uli ndi gawo. Ya full chisel, ya mano a ngodya, imathamanga pamtengo woyera, koma ikakhudza mchenga pang'ono yabuntha. Pamitengo youma kapena yadothi, semi chisel, ya mano obulungira pangodya, imatha ntchito yambiri patsiku chifukwa simuimaima kuti munole.

Kenako bar yanuyo. Mainchesi 24 pa 60cc ndi katundu wolemera. Ngati mitengo yanu yambiri siifuna kutalika koteroko, ikani ya 18 kapena 20, mudzadabwa. Mukatero mutha kuchotsanso sipuloketi ya mano 7 n'kuika ya 8. Tcheni imathamanga kuposa kale ndi pafupifupi 14 peresenti, koma mphamvu yokoka imatsika, ndiye pa bar yaitali injini imangofooka ikalowa mumtengo waukulu.

Tsopano injini. Tsukani fyuluta ya mpweya, muonenso kasefa ka mu ekizozi, chifukwa kakatsekeka ndi mwaye makina amabanika. Kukulitsa bowo la ekizozi kumathandizadi: utsi umatuluka msanga ndipo injini imapuma bwino. Muichotse kaye pamakina, mukulitse pang'ono, ndipo muitsuke mpaka pasatsale kanyenyeswa kalikonse kachitsulo, pakuti kakalowa m'silinda kakanda. Utsi usalunjike papulasitiki kapena padzanja lanu, ndipo kasefa kaja kabwerere, n'kamene kamagwira ziphaliphali za moto.

Apa ndiye pamafera makina ambiri. Mpweya ukachuluka, mafuta nawonso ayenera kuchuluka. Mu injini yotereyi oyilo amayendera limodzi ndi petulo, ndiye kabuleta ikamapereka petulo wochepa, oyilo akuchepa, kutentha kukukwera. Choipa chake, injini yosowa mafuta imalira mokoma kwambiri, mwiniwake n'kumasekerera kuti wapeza mphamvu, pamene pisitoni ikupsa mbali ya ekizozi. Choncho mukangokhudza ekizozi, masulani pang'ono sikuluwu ya pa kabuleta yolembedwa H, mozungulira kumanzere, kuti petulo achuluke. Injini itatentha, finyani moto wonse kwa masekondi ochepa isanakhudze mtengo: izimveka yobwebweta pang'ono, kenako ikalowa mumtengo kulira kwake kusalale. Ikamalira mosalala ndi mokwera ili pamtunda, mafuta akuchepa. Khutu limanama nthawi zina, ndiye ngati mungapeze tachometer, kachipangizo koyezera liwiro la injini, yezani, ndipo musapyole malire olembedwa m'buku la makina anu. Makina ambiri a akatswiri amathera pa kuzungulira maulendo cha pa 13,000 kapena 14,000 pamphindi. A Stihl okhala ndi M-Tronic ndi a Husqvarna okhala ndi AutoTune amadzisinthira okha, mulibe sikuluwu yoti mupotokole.

Mafuta akhale 50:1, kutanthauza 100ml ya oyilo wabwino wa two-stroke m'malita 5 a petulo watsopano. Kuthira oyilo wambiri sikukonza kabuleta yotchunidwa molakwika.

Za kupala silinda, ine ndinganene kuti zisiyeni pokhapokha muli ndi silinda ina yoti muphunzirirepo. Mukakweza bowo lotulukira utsi mopitirira, injini imathamanga pamtunda koma mumtengo ilibe mphamvu. Mukalikulitsa kwambiri m'mbali, ring'i ya pisitoni imakola pakamwa pake n'kuthyoka. Chitsulo chopalidwa sichibwerera. Ena amachotsa gasiketi ya pansi pa silinda kuti kompuresheni ikwere, koma amayamba ayeza mpata wa pakati pa pisitoni ndi denga la silinda ndi waya wofewa wa soda wowotcherera mawaya uja, ndipo usachepere 0.5mm. Dziwaninso kuti ngati makinawo ali pa waranti, mukangoboola kapena kupala, yathera pomwepo.

Simunatiuze kuti makinawo agwira ntchito nthawi yaitali bwanji. Mukachotsa ekizozi, unikani ndi tochi pabowopo mukukoka chingwe pang'onopang'ono. Pisitoni ikakhala ndi mizere yokandika yotsika, kapena ngati injini imadzikweza yokha ili pa sulo, n'kutheka kuti penapake pakulowa mpweya wakuba, mwina pa masiilo a crankshaft kapena pa kapaipi ka rabala kochokera ku kabuleta. Konzani zimenezo kaye, ndipo mutiponyere chithunzi cha pisitoniyo ndi cha mano a tcheni tione.